Dayamondi Amene Sitinapange

Dalitso ndi Tadala, ana anga, za ubwana wanga sindilembapo kanthu. Azakhali anu amazidziwa kuposa ine, ndipo amadziwa kuzithira mchere. Ine ndikufuna ndilembe za ntchito, chifukwa ntchitoyo ndi imene inakugawani pawiri, wina ku Glasgow kuno, wina ku Zomba. Chipumireni pa ntchito ndili ndi nthawi yambiri kuposa imene ndinkaifuna. Fulati ya ku Govanhill ino ili zii kuchokera pamene mayi anu anamwalira, ndiye ndati m'malo moyankhula ndi ketulo, bola ndilembe. Iwe Tadala, ukapeza mawu okuvuta usathamangire foni, ufunse achimwene ako. Iwe Dalitso, sunandifunsepo chimene chinachitika kuti utsale, inenso sindinakuuzepo. Tonse awiri ndife ouma mutu.

Zaka zisanu ndi zinayi za ku Blantyre

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza mu wekishopu ya sukulu ina ya zaumisiri ku Blantyre. Ndinkasema zitsulo, kuwotcherera, ndi kudzutsa zipangizo za mu labu zimene aphunzitsi anali atazilira kale maliro. Mkulu wa wekishopuyo anali a Nkhoma, bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene ankadana ndi liwu limodzi lokha pa dziko lapansi, liwu loti palibe. Ndili watsopano, ndinapita kukawauza kuti labala yotsekera pampu yatha ndipo kusitolo kulibe. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Chimwaza, njinga yako ili ndi chubu?"

"Ili nacho, bwana."

"Nanga ukuti palibe bwanji? Mmisiri akasowa chinthu amayang'ana m'bale wake wa chinthucho. Ndipo usamabwere kuno ndi tinkhani ting'onoting'ono. Ine ndikufuna ndimve pampu ikulira, basi."

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga, koma pampu inalira. Phunzirolo linandilowa m'magazi: peza njira, khala chete, bwana angoona kuti zatheka. Ndi nzeru imeneyi ndinakweza dzina, moti anthu ankabwera kuchokera kuchipatala ndi kumafakitale kudzandifunafuna. Ndinkadzimva, sindikana. Mwayi wa maphunziro a chaka chimodzi ku Scotland utapezeka, a Nkhoma analemba dzina langa osafunsa wina aliyense. Dalitso unali ndi zaka khumi, Tadala zinayi. Ndinauza mayi anu kuti ndi miyezi khumi ndi iwiri yokha, angotseka maso n'kutsegula ndabwera.

Chaka choyamba ndi chachiwiri ku Glasgow

Maphunziro atatsala pang'ono kutha, mphunzitsi wina ananditumiza kwa mnzake amene ankafuna munthu wodziwa ntchito ya manja. Ndinakwera sitima yapansi mpaka ku Govan, ndipo ndinapeza chishedi chakale cha njerwa, chapafupi ndi kumene amapanga sitima zapamadzi. Kampani yonse inali ya anthu awiri. Mwini wake anali a Murdo, munthu wamtali wowonda, wophunzira kwambiri, amene ankaiwala kudya. Winayo anali a Tam, mmisiri wachikulire amene anagwira ntchito ya sitima zaka zambiri asanachotsedwe. Onse ankafuna ndiziwatchula maina okha, koma lilime langa linakana. Mpaka tsiku lomaliza ndinkati a Murdo, a Tam, ndipo a Tam ankaseka kuti ndikamawaitana ndimayamba ndi kudandaula kuti aa.

A Murdo ankafuna kupanga dayamondi. Nditamva koyamba ndinaganiza kuti ndagwa m'manja mwa wamisala, koma anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Dayamondi ndi kaboni, yemweyo ali mu makala ndi mu chakuda cha pensulo, kungoti wapanikizika mpaka kulimba. Ena anali atayamba kalekale kumupanga kuchokera ku chakuda cha pensulocho. A Murdo ankafuna kuyambira kwina, ku zinthu za banja la parafini ndi kandulo, zimene zili ndi kaboni ndi haidirojeni. Ankakhulupirira kuti njira imeneyi ikhoza kutulutsa dayamondi woyera bwino, ndipo pa mphamvu yocheperako kuposa ya anzawo. Ife tinkagwiritsa ntchito nafitalini, timipira toyera tija timaika m'sutikesi kuti njenjete zisadye zovala. Tinkatipera, n'kutsekera ufa wake mu kapisozi yachitsulo yaing'ono ngati nzama. Kapisoziyo tinkaikuta ndi mwala wofewa n'kuiika pakati pa zitsulo ziwiri zolimba kwambiri zimene tinkazitcha mano. Kenako pulesi, chimakina chofika kudenga, inkafinya manowo ngati waimika mabasi atatu pa chikhadabo, ndipo tinkadutsitsamo magetsi mpaka m'katimo mutenthe kuposa chitsulo chosungunuka.

Ntchito yanga inali makapisozi. Ndinkawasema, kusalaza chivundikiro chake mpaka chiwale, kutseka, ndipo zonse zikatha ndinkawaphika mu asidi kuti chitsulo ndi mwaye zisungunuke, patsale zimene asidi sangadye. Vuto linali haidirojeni. Kapisozi ikakhala ndi kampata ngakhale kosaoneka ndi maso, mpweyawo unkathawa mwamphamvu, pulesi n'kuphulika ngati mfuti, nthawi zina dzino n'kusweka. Koyamba ndinapezeka ndili pansi pa tebulo. A Tam anangoti, "Lameki, ukatuluka uko ubwere ndi tsache."

Kuntchito kunali bwino. Chovuta chinali kuweruka. Ndinkakhala m'kachipinda kamodzi ku Govanhill, bafa ndi khitchini tikugawana anthu asanu osadziwana. Fungo la nafitalini linkandikakamira m'tsitsi ndi m'jekete, moti m'basi anthu ankasuntha, ine n'kutsala ndi mpando wonse ngati nduna. Nthawi yozizira kunkada ndisanaweruke, ndipo panali masabata amene kuchoka Lachisanu mpaka Lamulungu sindinkatsegula pakamwa kupatula potsuka mano. Ndinkasungulumwa, ana anga, kusungulumwa kwa mtundu umene munthu amachita nako manyazi. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi kumene kunali Amalawi angapo, ndipo masana ndinkagula khadi la foni pa kasitolo ka pakona n'kuimba kwanu. Khadilo linkatha nthawi zonse Tadala ali pakati pa nyimbo.

Mudzafunsa chifukwa chimene sindinakuitaneni nthawi yomweyo. A Murdo ankandilembera kontilakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ikatha ina ya miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa nawonso sankadziwa ngati kampani ifika chaka chamawa. Ndi pepala lotero komanso kachipinda kaja, panalibe amene akanandidindira maviza a anthu atatu. A Murdo ankandiuza kuti, "Dayamondi akangotuluka, ndikulemba ntchito yokhazikika, ndipo banja lako ndikalilandira ndekha kubwalo la ndege."

Chaka chachitatu

Chaka chimenechi chinali cha usiwa. Mano anasweka awiri motsatizana, tinatsala ndi akale amene a Tam ankawapukuta ngati ana awo. Chotenthetsera mu shedi tinkayatsa m'mawa mokha. A Murdo anagulitsa galimoto n'kuyamba kubwera pa njinga, akunena kuti dokotala wawalangiza. Ife tinkavomera ndi mutu ngati tikukhulupirira.

Chakumapeto kwa chakacho unatha ufa woyera umene ndinkasalazira zivundikiro za makapisozi. A Murdo anali ataitanitsa wina, koma sunkabwera, ndipo nkhope yawo masiku amenewo sinali yoti munthu n'kupita nayo nkhani ya ufa. Ndinayang'anayang'ana mu shedimo ndipo pa benchi ya a Tam ndinapeza kachubu ka phala lotuwa limene ankapukutira mano a pulesi. Ndinalipaka pa chivundikiro chimodzi. Chinawala ngati galasi, kuposa mmene ufa uja unkachitira. Ndinatsuka bwinobwino, n'kutseka, ndipo kapisozi imeneyo sinaphulike. Yotsatira sinaphulikenso. Tinali ndi buku lalikulu lolembamo zonse za tsiku, kutentha, mphamvu, nthawi, koma za phalalo sindinalembemo. Kwa ine inali nkhani ya chubu cha njinga, kankhani kosafunika kuvutitsa nako bwana. A Murdo anangoona kuti kuphulika kwachepa, ndipo anandimenya paphewa n'kunena kuti ndili ndi manja a golide. Ndinanyadira sabata yonse.

Chaka chachinayi

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi ndinasefa asidi monga mwa masiku onse, ndipo pansi pa kabotolo panatsala kafumbi kotuwa. Ndinaitana a Murdo. Anayang'ana pa maikulosikopu nthawi yaitali osapuma, kenako anatenga kafumbiko n'kupita nako ku labu ina kukayezetsa. Atabwera patapita masiku awiri, anaima pakhomo mvula ikuwanyowetsa, osalowa, n'kufuula kuti, "Ndi dayamondi!" A Tam, munthu amene sindinamuonepo akuthamanga, anathamanga kukagula nsomba ndi tchipisi. Tinadyera pa benchi, manja ali bii, ndipo a Murdo analira osabisa.

Kuyambira pamenepo kapisozi iliyonse inkatulutsa kafumbi kaja. Kanali kochepa, koma kanalipo, ndipo pa mphamvu yochepa imene a Murdo ankailota. Kampani ina yaikulu ya kumwera inamva, inatumiza anthu kawiri, ndipo inagwirizana kuti idzabwere mu Febuluwale kudzaonerera ndi maso n'kusainirana. A Murdo anandionetsa kalata yanga ya ntchito yokhazikika, yolembedwa kale, yongodikira tsiku limenelo. Anandiperekezanso kukaona fulati ya zipinda ziwiri.

Ndinaimba kunyumba ndili ndi mtima m'mwamba. Ndinauza mayi anu kuti ayambe kulongedza. Anagulitsa makina awo osokera, anauza eni nyumba kuti atuluka, mipando anagawira abale. Mu Disembala zotsatira zinatuluka, ndipo iwe Dalitso unasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, imene mwana aliyense wa m'dera lathu ankailota. Mayi ako anandifunsa ngati akugulire yunifolomu.

"Ya chiyani?" ndinatero. "Akangoyamba mwezi umodzi n'kumuchotsanso? Muwauze apereke malowo kwa wina. Mwana adzayambira kuno."

"Bambo a Dalitso, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwanji ayambe kaye, zinazo tiziona?"

"Mayi, ndagwira dayamondi ndi manja angawa. Mukufunanso umboni wanji?"

Anangoti chabwino. Malo ako anapatsidwa kwa mwana wina mu Januwale.

Febuluwale wa chaka chachisanu

Alendo aja ankabwera Lachinayi. Lachisanu la sabata yam'mbuyo mwake, a Murdo atapita kukakonza mapepala, ine ndi a Tam tinaika kapisozi mu pulesi kuti tiyeserere. Pulesi inafinya bwino, koma waya wa magetsi unaduka, moti m'katimo simunatenthe ngakhale pang'ono. Titatulutsa, kapisoziyo inali yozizira, ikununkha nafitalini wosapsa. Wina aliyense akanaitaya. Ine, mwana wa a Nkhoma amene sataya kanthu, ndinaiponya mu asidi pamodzi ndi ntchito ya tsikulo, m'kabotolo kakekake. Madzulo ndikusefa, kafumbi kotuwa kanali pomwepo.

Ndinayang'ana pa maikulosikopu. Timiyala take tinali tofanana ndi tonse tam'mbuyo, kukula kumodzi, m'mbali mwakuthwa. Dayamondi sangabadwe popanda moto. Ndinaimirira n'kuyang'ana pa benchi ya a Tam, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawerenga timalemba ta pa kachubu ka phala lija. Panalembedwa kuti dayamondi. Phala lopukutira zitsulo zolimba chotero amalipanga ndi fumbi la dayamondi, chifukwa palibe china chimene chingazikwechese. Ndinkadziwa zimenezi, mmisiri aliyense amadziwa, koma sindinaziikepo m'mutu. Timiyalato tinkalowerera m'chitsulo chofewa cha chivundikiro, moti ngakhale nditsuke bwanji sitinkachoka. Asidi ankadya chitsulo n'kutisiya pansi. Miyezi yoyamba ndiyenera kuti ndinkatitsanulira limodzi ndi asidiyo osationa. Kuti nditsimikize, ndinatenga chivundikiro chatsopano chimene sichinalowepo mu pulesi, ndinachipaka phala, kutsuka, n'kuchisungunula. Kafumbi kanatsala. Miyezi isanu ndi inayi tinkavinira dayamondi wogula kusitolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo ndinaikamo ndine.

A Tam anaona nkhope yanga n'kubwera. Nditawaonetsa, anakhala pa ndowa yovundikira, n'kuvula chipewa.

"Ndani wina akudziwa?"

"Inu ndi ine."

"Ine ndili ndi zaka sikisite wani, Lameki. Shedi ino ikatsekedwa palibe adzandilembenso. Ndipo maso anga ndi okalamba, sindinaone kanthu. Iwe uli ndi ana awiri akudikira ndege. Anthu akumwera aja ali ndi mapulesi akuluakulu, mwina adzapanga weniweni, ndiye ndani adzafunse za phala?"

Loweruka ndinayenda wapansi kuchoka ku Govanhill mpaka kumtsinje n'kubwerera, osadziwa kumene ndikupita. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinakokera pambali a Gondwe, mkulu wa mpingo amene anakhalitsa kuno ndipo ankadziwa za mapepala kuposa maloya. Ndinayembekeza kuti anditsegulira Baibulo. Iwo anandigwira pamkono n'kutsitsa mawu.

"A Chimwaza, musapupulume. Palibe akukuuzani kuti muname. Mungochedwetsa chilungamo pang'ono. Sainani kontilakiti, muapulaye maviza, famili ifike. Ikafika Juni mudzati mwapeza misiteki. Kuno n'kwa eni, achimwene. Mukataya ntchito imeneyi, mapepala anu onse ayambiranso pa ziro."

"Nanga Lachinayi akandifunsa mmene ndimakonzera makapisozi?"

"Muyankhe zimene akufunsani, osawonjezera. Mwawauza mayi a kunyumba?"

"Ayi."

"Auzeni. Mutu umodzi susenza denga."

Khadi la foni ndinali nditagula kale, linali m'thumba la jekete. Masana amenewo ndinafika pa foni, ndinaigwira, n'kuibwezera. Aka kanali koyamba kudumphitsa Lamulungu osaimba. Ndinadziuza kuti sindikufuna kuwadetsa nkhawa, koma linali bodza. Ndinkaopa kuti mayi anu anena zimene ananena a Gondwe, ndipo ine ndikanamvera. Ndinkaopanso kuvomera pamaso pawo kuti manja a golide aja ndi amene awononga zonse. Chimene sindikanatha chinali kuima Lachinayi pamaso pa alendo, a Murdo akundiloza monyadira, ine n'kumapaka phala lija mobisa. Kaya chinali chikumbumtima, kaya kunali kunyada kwa mmisiri, mpaka lero sinditha kuzilekanitsa.

Lolemba m'mawa ndinaika mabotolo awiri pa tebulo la a Murdo, la kapisozi yozizira ndi la chivundikiro chosalowa mu pulesi, pambali pake kachubu ka phala. Ndinafotokoza zonse nditaimirira. Anayang'ana pa maikulosikopu, botolo loyamba, lachiwiri, n'kubwereranso loyamba.

"Unayamba liti kugwiritsa ntchito phalali?"

"Ufa woyera utatha, bwana. Chaka chatha chisanayambe."

"Bwanji sunalembe m'buku?"

"Ndinaona ngati ndi kankhani kakang'ono."

"Mu ntchito ino mulibe kankhani kakang'ono, Lameki." Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandilalatira. Kenako anati, "Inenso ndine wolakwa. Ndinayenera kuyeza kapisozi yopanda kanthu tsiku loyamba lomwe. Sindinafune kudziwa. Ukudziwa kuti kalata yako ija yafera pompano?"

"Ndikudziwa."

Anakoka foni n'kuimbira anthu akumwera ine ndili pomwepo. Lachinayi kunalibe mlendo.

Kunyumba ndinaimba Lamulungu lotsatira. Mayi anu anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"A Murdowo munawauza liti?"

"Lolemba."

"Lolemba. Ife mukutiuza lero. Munafunsa a Tam, munafunsa a Gondwe, koma ine amene ndagulitsa makina, amene ndikugona pamkeka ndi ana anu, simunandione ngati munthu womufunsa. Mwina ndikanakuuzani kuti mukanene. Mukundidziwa bwanji?"

Chakumbuyo ndinamva mawu ako, Dalitso, ukufunsa ngati ndi abambo, ndiponso ngati atchula tsiku.

Chaka chachisanu mpaka chachisanu ndi chitatu

Shedi inatsekedwa isanafike Juni. Pulesi anaigula anthu a zitsulo zakale, ndipo ndinathandiza kuimasula. A Tam sanandinenepo choipa, koma tsiku lomaliza anandigwira chanza osandiyang'ana, ndipo makalata awiri amene ndinawalembera sanayankhe. Anali mnzanga yekhayo mu mzinda uno. A Gondwe anapitiriza kundipatsa moni mwaulemu, moni wa munthu amene anakuchenjeza. Ndinayamba kukhala kumbuyo m'tchalitchi ndi kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Ndinaganiza zobwerera kumudzi, koma malo anga ku Blantyre anali atalowa wina, ndipo kamene ndinkatumiza ndi kamene kankakudyetsani. A Murdo, asanasamuke mumzinda muno, anandilembera kalata ya mizere itatu yopita kwa mayi wina woyang'anira labu ku Hillhead. Mayiyo ataiwerenga anandifunsa funso limodzi, loti ndifotokoze za phala. Nditamaliza anati, "Uyambe Lolemba. Kuno ulemba chilichonse, ngakhale utayetsemula." Ndinalembadi. Mabuku anga a kumeneko anthu ankawaseka kunenepa. Koma kontilakiti inali ya chaka chimodzichimodzi, malipiro ochepa, ndipo ndinabwerera ku kachipinda ka bafa logawana. Iwe Dalitso unalowa sekondale yoyendera, ya makilomita ambiri wapansi, ndipo ndikaimba unkapezeka kuti wapita kokatunga madzi. Ndinabwera kudzakuonani kamodzi, unandilandira chikwama n'kusowa tsiku lonse.

Ku Hillhead kunali pulesi yamphamvu kuposa ya ku Govan. M'chaka chachisanu ndi chitatu tinapanga dayamondi weniweni kuchokera ku ufa wa banja lomwe lija, pa mphamvu yokwera kwambiri kuposa imene a Murdo ankailota. Ndinayeza makapisozi opanda kanthu khumi ndisanalole kuti wina atchule liwulo. Anali kafumbi kotuwa, kosasiyana m'maso ndi kaja. Anzanga anapita kukamwa, ine ndinatsuka mabotolo n'kukwera sitima yapansi. Ntchito yokhazikika inabwera mu Okotobala. Iwe unali utakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mu Meyi. Ndinalemba makalata, ndinapita kwa loya, ndinagwada kwa a Gondwe, koma yankho linali limodzi: pa mapepala sunalinso mwana.

Chaka chachisanu ndi chinayi

Ndinabwera ndekha kudzatenga mayi anu ndi Tadala. Mayi anu anafuna kukana ulendowo, koma iwe Dalitso ndi amene unawakakamiza, unati mlongo wako asataye mwayi chifukwa cha iwe. Unatiperekeza ku Chileka. Unanyamula masutikesi onse awiri wekha, kukana kuti ndikuthandize, mpaka pa khomo limene operekeza amathera. Unakumbatira mayi ako, unanyamula Tadala m'mwamba ngakhale anali wamkulu kale. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri m'ndege, koma onse anathawa. Unandipatsa dzanja, lina litagwira pamkono mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Muyende bwino, a Chimwaza."

Sunati bambo. Mpaka lero sunatero. Ukaimba umafunsa za thanzi langa, umandiuza za mvula ndi za adzukulu anga, mwaulemu ngati kalaliki wa ku banki, ndipo ine ndimayankha chimodzimodzi. Pa maliro a mayi ako tinakhala pa benchi imodzi masiku atatu osakhudza nkhaniyi.

Anthu akamva za phala lija amati ndinachita bwino, ena mpaka amafuna ndikaifotokoze kwa achinyamata kutchalitchi. Ndimakana. Ukandifunsa ngati ndikanawauzanso a Murdo, ndikuganiza kuti inde, ndipo sindikunamiza kuti ukondwe. Koma chilungamocho chinali changa, amene analipira ndiwe, ndipo sindinakufunse. Ndine ndinalakwitsa ndi phala, ndine ndinabweza malo ako a sukulu, ndine ndinali ndi masiku atatu ndi khadi la foni m'thumba. Ukanatha kunena kuti, bambo kaneneni zoona, tidikira. Ukanathanso kunena kuti ayi. Sindidzadziwa, chifukwa ndinaopa yankho la mwana wa zaka khumi ndi zinayi.

A Murdo ndinawapepesa Lolemba lomwelo. A Tam ndinawapepesa m'makalata. Mayi ako ndinawapepesa kwa zaka zambiri mpaka anandiuza kuti ndisiye, ndikuwasokosa. Iwe wekha ndi amene ndinakudumpha, chifukwa kwathu bambo sapepesa mwana, ndipo ndinabisala kuseri kwa mwambo umenewo zaka zonsezi. Pepa, Dalitso, mwana wanga. Ndinakulakwira.